Mitengo ya nsalu za zitenje ku Mangochi ndi m'mayiko ena

Mtengo wa nsalu za zitenje ndi ndalama zimene wogula amapereka pa chitenje chimodzi, pa mita kapena pa yadi ya nsalu yosindikizidwa maluwa. Mtengowu umasiyana pakati pa dziko ndi dziko, ndiponso pakati pa misika ya m'dziko limodzi. Nsalu yofanana maonekedwe imatha kukhala ndi mtengo wina ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, wina ku Limbe, wina ku Mandimba m'dziko la Mozambique, ndiponso wina pamsika wa Mangochi. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha mtundu wa ulusi ndi kasindikizidwe kake, muyeso umene nsaluyo ikugulitsidwira, kutalika kwa ulendo wake, misonkho, mphamvu ya ndalama ya dziko, ndi chiwerengero cha amalonda amene nsaluyo yadutsa m'manja mwawo.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri anthu a kummwera kwa Nyanja ya Malawi. Boma la Mangochi lili m'malire ndi Mozambique, limalima thonje, ndipo lili ndi atelala ambiri amene amasoka zovala, zikwama ndi zofunda za zidutswa za nsalu zogulitsa kwa anthu a komweko ndi kwa alendo odzaona nyanja.

Mitundu ya nsalu

Chinthu choyamba chimene chimasiyanitsa mitengo ndi nsalu yeniyeniyo. Zitenje zimene zimaoneka zofanana patali zimatha kukhala zosiyana kwambiri m'kapangidwe.

Wakisi weniweni ndi nsalu ya thonje imene amayamba aidinda ndi phula kapena utomoni kenaka n'kuiviika mu utoto. Maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse ziwiri. Luso limeneli linachokera ku batik wa pachilumba cha Java ku Indonesia, ndipo makampani a ku Ulaya anayamba kulitsanzira ndi makina m'zaka za m'ma 1800. Kampani yodziwika kwambiri pa nsalu imeneyi ndi Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, imene inayamba mu 1846. Chifukwa choti mtundu uliwonse wa utoto umafuna ntchito yakeyake, wakisi wotere ndi wokwera mtengo kulikonse.

Nsalu yongosindikiza mbali imodzi imadutsa pamakina kamodzi, ndipo kuseri kwake kumaoneka kotuwa. Imapangidwa mwachangu ndiponso yambiri, motero mtengo wake ndi wotsika. Zitenje zambiri za m'misika ya ku Malawi, kuphatikizapo za zipani, za mipingo ndi za mabungwe, ndi za mtundu umenewu.

Palinso nsalu za poliyesita ndi zosakaniza thonje ndi poliyesita. Izi ndizo zotsika mtengo kwambiri. Sizisuluka msanga, koma sizimwa thukuta, chinthu chimene ogula a m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja amachiganizira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, mafakitale a ku China akhala akupanga nsalu zambiri za mitundu yonseyi, ndipo dzina lina lofala m'misika ya mu Africa ndi Hitarget. India nayenso amatumiza nsalu zambiri kummawa ndi kummwera kwa Africa.

Miyeso

Mitengo ya m'mayiko awiri singayerekezedwe popanda kudziwa muyeso. Ku Malawi ndi ku Zambia chitenje chimodzi chimakhala pafupifupi mamita 2 m'litali, ndipo wofuna kusoketsa chovala chathunthu amagula mamita 4 kapena 6. Capulana ya ku Mozambique nayo ndi ya pafupifupi mamita 2. Wakisi amachoka ku fakitale m'mapisi a mayadi 6 kapena 12. Kanga ya ku Tanzania ndi ku Kenya imagulitsidwa iwiriiwiri yolumikizana.

Yadi imodzi ndi mamita 0.9144, kotero mita ndi yaitali kuposa yadi ndi pafupifupi 9 peresenti. Pisi ya mayadi 6 ndi mamita 5.49 okha. Wamalonda akaidula patatu, chitenje chilichonse chimakhala mamita 1.83, osati 2. Ichi n'chifukwa chake zitenje zina za pamsika zimaperewera pomanga m'chiuno ngakhale zikugulitsidwa ngati chitenje chathunthu.

Mulifupi namonso mumasiyana. Wakisi amakhala pakati pa masentimita 110 ndi 120, pamene shweshwe wa ku South Africa, amene kampani ya Da Gama Textiles imapanga ku Zwelitsha m'chigawo cha Eastern Cape, amakhala masentimita 90. Mita imodzi ya nsalu ya masentimita 90 ndi yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi mita ya nsalu ya masentimita 112. Njira yolondola yoyerekezera mitengo ndi kugawa mtengo ndi kukula konse kwa nsalu, ndiko kuti litali kuchulukitsa ndi mulifupi.

Mbiri

Anthu a ku Malawi ankapanga nsalu zawo kalekale. Ankasula nyanda kapena chiwondo kuchokera ku makungwa a mitengo, ndipo Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje n'kumaomba nsalu yolimba yotchedwa machila. David Livingstone anaona ntchito yoomba nsaluyi pamene anayenda m'chigwachi mu 1859.

M'zaka za m'ma 1800, kummwera kwa nyanja kunali panjira yaikulu ya malonda. Amalonda a Chiyao ankapita ku Kilwa ndi ku madoko ena a Nyanja ya India atanyamula minyanga ya njovu ndiponso akapolo, n'kubwerera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mafumu monga Mponda, amene mudzi wake unali pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, ndi Makanjira wa kutsidya la kummawa, anapeza mphamvu zambiri chifukwa cha malonda amenewa.

Nsalu ziwiri zinali zofala kwambiri. Merikani inali nsalu yoyera ya thonje yochokera ku mafakitale a ku Massachusetts m'dziko la America, imene amalonda a ku Salem ankabweretsa ku Zanzibar kuyambira m'zaka za m'ma 1830. Kaniki inali nsalu yakuda ya ku India. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, merikani inasowa, ndipo nsalu za ku Bombay ndi ku Britain zinalowa m'malo mwake, ngakhale dzina loti merikani linapitirira.

Nthawi imeneyo nsalu inkagwira ntchito ngati ndalama. Inkayezedwa ndi mkono ndi mkwamba, ndipo amalonda a ku gombe ankawerenga ndi doti, imene inali pafupifupi mayadi 4. Popeza mtolo uliwonse unkasenzedwa pamutu ulendo wa milungu yambiri, ndipo mafumu a m'njira ankalandira msonkho wawo, nsalu inkakwera mtengo ikamapita kutali ndi gombe. Nsalu imene inkagula zochepa ku Kilwa inkagula zambiri kwa Mponda, ndipo phindu la amalonda linkachokera pa kusiyana kumeneku.

Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, ndipo ankalipira antchito awo ndi nsalu. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba mu 1878 ndipo inkabweretsa nsalu za ku Britain kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Fort Johnston, imene lero ndi tauni ya Mangochi, inakhazikitsidwa mu 1891 ndipo inakhala doko la sitima za panyanja. Kenaka amalonda a Chimwenye anatsegula masitolo m'malo ambiri. Mapangano a mayiko a ku Ulaya okhudza dera la Congo ankaletsa kukondera katundu wa dziko limodzi pa misonkho, ndipo Nyasaland anali m'dera limenelo. Chifukwa cha ichi nsalu zotsika mtengo za ku Japan zinalowa zambiri m'zaka za m'ma 1930 n'kupikisana ndi za ku Lancashire.

Dziko litalandira ufulu, kampani ya David Whitehead and Sons inatsegula fakitale ya nsalu ku Blantyre cha m'ma 1967. Fakitaleyi inkapota ulusi, kuomba nsalu ndi kusindikiza zitenje kuchokera ku thonje la m'dziko momwemo, ndipo boma linkaiteteza ndi misonkho pa nsalu zakunja. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka pamene linathetsedwa mu 1993, komanso nsalu za chipani zimene Mbumba za Kamuzu zinkavala, zinachititsa kuti zitenje zikhale ndi msika waukulu. Mayiko oyandikana nawo analinso ndi mafakitale awo: Urafiki ku Dar es Salaam, imene inatsegulidwa mu 1968 ndi thandizo la China, Mulungushi Textiles ku Kabwe ndi Kafue Textiles ku Zambia, ndi Textáfrica ku Chimoio m'dziko la Mozambique.

Kumasula malonda kwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 kunasintha zonsezi. Kaunjika ndi nsalu za ku Asia zinadzaza misika, ndipo mafakitale ambiri a m'chigawochi anachepetsa ntchito kapena kutsekedwa. David Whitehead inagulitsidwa mu 2003 kwa kampani ya Mapeto, ndipo ikupitiriza kusindikiza zitenje. Pa 1 Januwale 2005 malire a kuchuluka kwa nsalu zimene mayiko ankaloledwa kutumiza kunja anathetsedwa padziko lonse, zimene zinapatsa mwayi waukulu mafakitale a ku China ndi ku India.

Ulendo wa nsalu

Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Nsalu yochokera ku Asia imatsikira ku Dar es Salaam, Nacala, Beira kapena Durban, kenaka n'kuyenda ulendo wautali pamsewu kapena panjanji. Mtengo wa mafuta, malipiro a padoko ndi masiku amene katundu amakhala pachipata zonse zimalowa mu mtengo wa chitenje. Wogula wa ku Dar es Salaam salipira ndalama za ulendo wa pamtunda ndi za pachipata, n'chifukwa chake amalonda ambiri a ku Malawi amapita kukaoda nsalu ku Kariakoo, ku Mbeya kapena ku Kyela, n'kulowa nazo pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga.

Nsalu imafika ku Mangochi kudzera njira zingapo. Yambiri imachokera kwa ogulitsa mopikulitsa a ku Limbe ndi ku Lilongwe. Ina imachokera ku Tanzania ndi amalonda oyenda okha. Ina imalowa pa chipata cha Chiponde, chimene chayang'anizana ndi Mandimba m'chigawo cha Niassa, pamsewu wochokera ku Cuamba ndi Nacala, n'kudutsa ku Namwera mpaka kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Palinso nsalu ndi mabulangete amene anthu a m'bomali ogwira ntchito ku South Africa amatumiza kwa abale awo.

Kuchokera ku tauni ya Mangochi, nsalu imapitirira ku misika monga Monkey Bay, Malindi ndi Makanjira, ndipo wamalonda aliyense amaikapo phindu lake ndi ndalama ya ulendo. Motero chitenje chimatha kusiyana mtengo pakati pa tauni ndi mudzi wa m'boma lomwelo kuposa mmene chimasiyanirana pakati pa mbali ziwiri za malire.

Misonkho

Nsalu yolowa m'Malawi imalipira msonkho wa pachipata ndi msonkho wa VAT, ndipo amene amatolera ndi bungwe la Malawi Revenue Authority. VAT imasiyana m'mayiko. M'chaka cha 2024 inali 16.5 peresenti ku Malawi, 16 ku Zambia ndi ku Mozambique, 18 ku Tanzania, 15 ku South Africa ndi 20 ku Britain. Ku United States kulibe VAT, koma zigawo zambiri zili ndi msonkho wa pogula umene sulembedwa pamtengo wa m'sitolo ndipo umaonjezedwa polipira.

Malawi ndi membala wa COMESA ndi SADC, mabungwe amene ali ndi mapangano ochotsa kapena kuchepetsa misonkho pa katundu wopangidwa m'mayiko ake. Zambia ali m'mabungwe onse awiri, pamene Tanzania ndi Mozambique ali mu SADC koma sali mu COMESA. Mapanganowa amayang'ana kumene katundu anapangidwira, osati kumene anagulidwa. Nsalu yoombedwa ku China imene yagulidwa ku Kariakoo siwerengedwa ngati ya ku Tanzania, choncho imatha kulipira msonkho polowa ku Tanzania n'kulipiranso polowa m'Malawi. Kuyambira mu 2010 COMESA ili ndi ndondomeko yofewetsera malonda a amalonda ang'onoang'ono pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma nayonso imakhudza katundu wopangidwa m'mayikowo amene ali pa mndandanda wogwirizana.

Pamene mitengo ya mbali ziwiri za malire yasiyana kwambiri, kuzembetsa katundu kumachuluka. Malire a Mangochi ndi Niassa ndi aatali, anthu a mbali zonse ziwiri ndi apachibale ndipo ambiri amalankhula Chiyao, motero njira zachidule za njinga ndi njinga zamoto n'zambiri. Nsalu yozembetsedwa imatsitsa mtengo pamsika, koma imapweteka amalonda olipira msonkho ndi mafakitale a m'dziko, ndipo wogwidwa nayo amatha kulandidwa katundu ndi kulipitsidwa chindapusa.

Mphamvu ya kwacha

Popeza nsalu zambiri, utoto ndi zipangizo za makina zimagulidwa ndi ndalama zakunja, mtengo wa chitenje umatsatira mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2012 dola imodzi ya ku America inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Izi zikutanthauza kuti nsalu ya madola 10 imene inkafuna K11,800 inayamba kufuna K17,000, msonkho ndi ulendo zisanawerengedwe, ngakhale mtengo wake kunja sunasinthe.

Ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, amalonda amazigula pamsika wamseri pamtengo wokwera kwambiri, ndipo mitengo ya pamsika imatsatira mtengo umenewo osati wa kubanki. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero zodandaula kukwera kwa mitengo ya mabelo. M'misika ya m'malire monga Chiponde, kusinthana kwa kwacha ndi metical ndiko kumaonetsa mbali imene nsalu ili yotsika mtengo, ndipo kukasintha, ogula nawonso amasintha mbali yokagulako.

Thonje la m'deralo

Mangochi, Balaka, Salima, Chikwawa ndi Nsanje ndi ena mwa maboma olima thonje ku Malawi. Kafukufuku wa mbewuyi amachitikira ku Makoka m'boma la Zomba, ndipo bungwe la Cotton Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la thonje la 2013, limayang'anira malonda ake. Komabe kulima thonje sikuchititsa kuti nsalu ikhale yotsika mtengo m'deralo. Thonje lambiri likachotsedwa njere limatumizidwa kunja, kumene limapotedwa, kuombedwa ndi kusindikizidwa. Pa mtengo wa chitenje, gawo la thonje losapota ndi laling'ono poyerekeza ndi la magetsi, utoto, makina, ulendo ndi misonkho. Mlimi amagulitsa thonje pa kilogalamu ndi mtengo wotsatira msika wa padziko lonse, kenaka amagula nsalu imene yalipira ndalama zonsezi.

Nyengo

Mitengo imasinthanso ndi nyengo. Anthu amagula nsalu kwambiri akakolola ndi kugulitsa mbewu, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, nthawi imene maukwati amachulukanso. Ku Mangochi, kumene kuli Asilamu ambiri, atelala amakhala ndi ntchito yochuluka chikondwerero cha Eid chikayandikira. Zinamwali za jando ndi nsondo, zimene zimachitika nthawi ya tchuthi chachikulu cha sukulu, zimafunanso nsalu ndi zovala zatsopano za ana otuluka kusimba ndi za amayi awo. Khirisimasi ndi nthawi ya makampeni a zisankho zimakwezanso malonda. M'miyezi ya njala, kuyambira Januwale mpaka Marichi, ogula amachepa ndipo amalonda ena amatsitsa mitengo kuti apeze ndalama yoodera katundu wina.

Nsalu za zofunda za zidutswa

Ku America, ku Ulaya ndi ku Australia kuli msika wapadera wa nsalu zosokera zofunda za zidutswa, zimene pa Chingerezi amazitcha quilt. Nsalu zake ndi za thonje lokhalokha, za mainchi 42 mpaka 44 mulifupi, ndipo makampani monga Moda Fabrics ndi Robert Kaufman a ku United States amajambula maluwa ake n'kukasindikizitsa nsalu zambiri ku mayiko a ku Asia monga South Korea ndi Japan. Ku United States zimagulitsidwa pa yadi, pamene ku Britain ndi ku Australia zimagulitsidwa pa mita. Chidutswa chodziwika chotchedwa fat quarter ndi cha mainchi 18 kwa 22 ku America, koma chimakhala chokulirapo kumene amadula pa mita. Osoka a ku Britain ndi ku Australia nthawi zambiri amalipira zambiri kuposa a ku America pa nsalu yomweyo, pa zifukwa zofanana ndi za ku Malawi: ulendo, msonkho, kusinthana kwa ndalama ndi kuchepa kwa msika.

Kummwera kwa Nyanja ya Malawi ntchito yofanana nayo imachitika m'njira ina. Atelala amasunga zidutswa zotsala posoka n'kuzilumikiza kupanga zofunda za pabedi, zikwama, zipewa ndi mathalauza, zimene zimagulitsidwa kwa alendo ku Cape Maclear, ku Monkey Bay ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Kwa telala wotere nsalu imapezeka pamtengo wochepa kapena kwaulere, ndipo mtengo wa chinthucho umachokera kwambiri ku nthawi ya ntchito. Nsalu za wakisi ndi shweshwe zikafika m'masitolo a ku London kapena ku New York zimagulitsidwa m'tizidutswa ngati nsalu zapadera, pamtengo woposa kutali wa m'misika ya mu Africa.

Kuzindikira nsalu pogula

Ogula ozolowera amayang'ana zinthu zingapo asanatsitsitse mtengo. Amatembenuza nsalu kuti aone ngati utoto walowa mbali zonse. Amawerenga zolembedwa m'mphepete, ngakhale kuti mayina a makampani otchuka amakopedwa kawirikawiri. Amafikisa kansonga ka nsalu kuti aone ngati kulimba kwake kukuchokera ku ulusi kapena ku sitachi imene imachoka pochapa koyamba. Kaulusi ka thonje kakawotchedwa kamanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pamene ka poliyesita kamasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Amayezanso litali, chifukwa chitenje cha mamita 1.83 chogulitsidwa pamtengo wa chitenje cha mamita 2 chimakhala chokwera mtengo ndi pafupifupi 9 peresenti pa mita iliyonse.